Mafunso ndi Mayankho: Masamu Oyendetsera Katundu ndi Kupanga Ziganizo M'mafakitale

Tsambali ndi la anthu amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti makina sakuima chifukwa chosowa zipangizo, komanso kuti ndalama za kampani sizikugona pa mashelefu: mamanejala, oyang'anira nyumba zosungiramo katundu, a ku ofesi yogula zinthu, ndi ophunzira amene akukonzekera ntchito zimenezi. Manambala a m'zitsanzo ndi ongoyerekeza, ndipo ndalama taziika m'madola kuti tikhale ndi muyeso umodzi.

Kodi kusunga katundu kumafunikiradi masamu? Si nkhani yongoona kuti zatsala pang'ono n'kuoda zina?

Ngati mitundu ya katundu wanu ndi yowerengeka, diso la munthu wozolowera ntchito limakwanira. Zimavuta mitunduyo ikafika masauzande, uliwonse uli ndi wogulitsa wake ndi masiku ake oyenda pa njira.

Pali njira ziwiri zolakwitsira, ndipo zonse zimadya ndalama. Mukasunga zambiri, ndalama zimamangika, malo amachepa, zina zimachita dzimbiri kapena kutha mphamvu zisanagwire ntchito. Mukasunga zochepa, makina amaima, antchito amalipidwa atangokhala, kasitomala amapita kwina. Koma zolakwa ziwirizi sizimveka mofanana. Tsiku limene makina aima, fakitale yonse imadziwa amene walakwa. Katundu wongokhala pakona chaka chathunthu palibe amene amafunsa za iye. N'chifukwa chake woyang'anira sitoko amene akuteteza ntchito yake amaoda zochuluka nthawi zonse, ndipo sitingamuimbe mlandu. Ntchito ya masamu ndi kuika mtengo pa zolakwa zonse ziwiri kuti zionekere pa pepala limodzi.

EOQ n'chiyani?

Ndi fomula yoyankha funso limodzi: pa oda iliyonse ndiode zingati? Anaitulukira Ford W. Harris wa ku America mu 1913, ndipo R. H. Wilson anaifalitsa m'zaka za m'ma 1930, mwakuti mabuku ena amaitcha fomula ya Wilson.

Mukamaoda pang'onopang'ono mumaoda kawirikawiri, ndipo oda iliyonse ili ndi ndalama zake. Mukamaoda zambiri nthawi imodzi, maoda amachepa koma ndalama yosungira imakwera. Fomulayi imapeza pamene ndalama ziwirizi zikaphatikizidwa zimatsikitsitsa:

Q = √(2 × D × S ÷ H)

D ndi kuchuluka kwa zomwe mumagwiritsa ntchito pa chaka, S ndi ndalama yopangira oda imodzi, H ndi ndalama yosungira chinthu chimodzi kwa chaka. Chizindikiro cha √ chikufuna nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsani zili m'katimo.

Tiyerekeze fakitale yopanga mafani yomwe imagula mamota 10,000 pa chaka. Oda imodzi imadya madola 50, ndipo kusunga mota imodzi kwa chaka ndi madola 4. Tikachulukitsa 2 ndi 10,000 ndi 50 tipeza 1,000,000. Tikagawa ndi 4 tipeza 250,000. Ndipo nambala imene ikadzichulukitsa imafika 250,000 ndi 500. Ndiye kuti mamota 500 pa oda, maoda 20 pa chaka, omwe adya madola 1,000. Sitoko imayambira pa 500 n'kumatsika mpaka kutheratu, choncho avereji yake ndi 250, ndipo kuisunga kudya madola 1,000. Zonse pamodzi madola 2,000. Kufanana kwa ndalama ziwirizo si mwayi ayi. Pa EOQ zimafanana nthawi zonse, ndipo imeneyi ndi njira yachangu yodziwira ngati mwawerengera bwino.

Chinanso choyenera kuona: malonda akachuluka kanayi, oda imangokula kawiri. Amene amakulitsa oda molingana ndi kukula kwa malonda amadzaza nyumba yosungiramo katundu pachabe.

Ndalama yosungira ndi yoodera ndizipeza kuti, popeza sizilembedwa pa risiti?

Mumazisonkhanitsa nokha. Pa yosungira, gawo lalikulu ndi ndalama zomangika mu katunduyo. Ngati munakongola ku banki, mtengo wake ndi chiwongola dzanja. Ngati ndi zanu, mtengo wake ndi phindu lomwe zikanabweretsa zikanalowa mu ntchito ina. Onjezani lendi, magetsi, inshuwalansi, alonda, zowonongeka, zobedwa, ndi zotsalira mukasiya kupanga mtundu wina wa chinthu. Mabuku ambiri amayambira pa 20 mpaka 30 peresenti ya mtengo wa chinthucho pa chaka. Kumene chiwongola dzanja n'chokwera, kapena pa zipangizo za makompyuta zomwe zimakalamba msanga, nambalayi imapitirira pamenepo.

Pa yoodera, werengani zokhazo zimene zimakwera oda ikawonjezereka: galimoto yolipidwa pa ulendo, mapepala a kasitomu, nthawi yotsitsa ndi kuyendera katundu. Malipiro a kalaliki amene amalandira chimodzimodzi kaya walemba maoda 10 kaya 30 musawaunjike onse pamenepa. Ngati chinthucho mumapanga nokha, S ndi ndalama yosinthira makina: maola amene makina aima pochotsa chikombole china n'kuika china, ndi zoyamba kutuluka zomwe zimatayidwa.

Nanga manambala amenewa ndikawaphonya?

Musade nkhawa kwambiri. Fomulayi ndi yokhululuka. Pa chitsanzo cha mamota chija, mukaoda 400 m'malo mwa 500, ndalama zonse pa chaka zifika madola 2,050. Mukaoda 600 zifika pafupifupi 2,033. Ngakhale mutaoda 1,000, kuwirikiza kawiri, zingofika 2,500, kukwera ndi 25 peresenti yokha. Choncho wogulitsa akati amalongedza 600 m'bokosi lalikulu, tengani 600 osakangana naye. Kutaya mlungu wonse mukufufuza ngati H ndi madola 4 kapena 4.30 n'kungowononga nthawi. Nthawi imeneyo ipite ku funso la tsiku loodera, chifukwa kumeneko kuphonya kumapweteka.

Wogulitsa akuti anditsitsira mtengo ndikaoda zambiri. Ndivomere?

Werengerani kaye, chifukwa yankho limatembenuka ndi kanthu kakang'ono. Tinene kuti mota ndi madola 20, ndipo kusunga kumadya 20 peresenti ya mtengowo. Wogulitsa akuti mukaoda 2,000 nthawi imodzi achotsera 2 peresenti. Pa mamota 10,000 mupulumutsa madola 4,000. Maoda atsika kufika pa 5, omwe ndi madola 250, koma avereji ya sitoko ikwera kufika pa 1,000, ndipo kuisunga kudya madola 3,920. Pamodzi ndi 4,170, kuposa 2,000 ija ndi madola 2,170. Mwatsala ndi phindu la madola 1,830, vomerani. Koma akati achotsera 1 peresenti yokha, mupulumutsa 2,000 pomwe ndalama zoodera ndi kusungira zakwera ndi 2,210. Pamenepo mwaluza, ngakhale pa invoisi zioneka ngati mwagula motchipa.

Ndiode liti?

Ili ndilo funso lalikulu pa tsamba lino. Mumaoda sitoko ikatsika kufika pa mlingo wokwanira kukusungani mpaka katundu watsopano atafika. Fakitale ija ikamagwira ntchito masiku 250 pa chaka, imadya mamota 40 pa tsiku. Ngati katundu amatenga masiku 9 kuchokera tsiku loodera mpaka kufika pa shelefu, muyenera kuoda mukatsala ndi 360.

Koma 40 ndi avereji chabe. Tsiku lina zimapita 30, lina 55. Mukaoda pa 360 penipeni, ndiye kuti pafupifupi theka la maulendo onse mamota adzatha galimoto isanafike. Pamafunika sitoko yodzitetezera, yomwe m'mabuku amati safety stock. Kukula kwake kumatengera zinthu ziwiri: mmene manambala anu amasinthirasinthira, ndi chitetezo chomwe mukufuna.

Kusinthasintha kumayezedwa ndi standard deviation, yomwe pulogalamu ngati Excel imakuwerengerani kuchokera pa manambala a masiku apitawa. Tinene kuti ndi 10 pa tsiku. Pa masiku 9 simuchulukitsa 10 ndi 9, chifukwa masiku okwera ndi otsika amafafanizana pang'ono. Mumachulukitsa ndi √9, yomwe ndi 3, n'kupeza 30. Kenako mumachulukitsa 30 ndi nambala ya chitetezo. Pa chitetezo cha 95 peresenti nambalayo ndi 1.65, zomwe zikutipatsa mamota pafupifupi 50. Ndiye muzioda mukatsala ndi 410.

Tsopano taonani zomwe ambiri amaziiwala. Tawerengera ngati kuti wogulitsa amafikitsa katundu pa tsiku la 9 nthawi zonse. Bwanji ngati nthawi zina amafika pa tsiku la 6, nthawi zina la 13? Tinene kuti kusinthasintha kwa masiku akewo ndi 3. Tsiku lililonse lochedwa limadya mamota 40, choncho kuwerengera kumakhala √(9 × 10 × 10 + 40 × 40 × 3 × 3), kapena kuti √(900 + 14,400), pafupifupi 124. Kuchulukitsa ndi 1.65 kukutipatsa mamota 204. Sitoko yodzitetezera yakula kanayi, ndipo mwa 15,300 amene ali m'katimo, 14,400 abwera ndi wogulitsa osati ndi makasitomala. Ine ndimaona kuti mamanejala ambiri amathera mphamvu pa kulosera malonda pomwe vuto lili pa njira. Wogulitsa amene amatenga masiku 12 koma osaphonyapo angakupulumutseni ndalama zambiri kuposa wa masiku 9 wosadalirika. Ndipo kuti mudziwe zimenezi pamangofunika kabuku kolembamo tsiku loodera ndi tsiku lofikira pa oda iliyonse.

Bwanji osangosunga zokwanira kuti zisadzathe m'pang'ono pomwe?

Chifukwa chitetezo chimadula chikamayandikira 100 peresenti. Nambala ya chitetezo ndi 1.28 pa 90 peresenti, 1.65 pa 95, 2.33 pa 99, ndi 3.09 pa 99.9. Pa chitsanzo chija cha kusinthasintha kwa 30, ndiye kuti mamota 38, 50, 70 ndi 93. Kuchoka pa 90 kufika pa 95 kwafuna mamota 12; kuchoka pa 99 kufika pa 99.9, komwe n'kosakwana peresenti imodzi, kwafuna 23. Kufika pa 100 penipeni masamuwa salola.

Dziwaninso tanthauzo la 95 peresentiyo. Ikunena za maulendo oodera, osati makasitomala. Ndi maoda 20 pa chaka, yembekezerani kuti katundu adzakuthereni pafupifupi kamodzi pa chaka. Ngati kamodziko n'kosapiririka, kwezani chitetezo mukudziwa mtengo wake.

Ndili ndi mitundu ya katundu masauzande. Ndiwerengere uliwonse chonchi?

Ayi. Yambani ndi kugawa katundu m'magulu a A, B ndi C. Njirayi inafalitsidwa ndi H. Ford Dickie wa ku General Electric mu 1951, ndipo imatsamira pa zomwe Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy, anaona kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, zoti chuma chambiri chimakhala m'manja mwa anthu ochepa. M'nyumba yosungiramo katundu ndi chimodzimodzi. Chulukitsani mtengo wa chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwa zomwe mumagwiritsa pa chaka, n'kuzindandalika kuyambira chachikulu. Kawirikawiri mupeza kuti mitundu yochepa ya pamwamba yatenga gawo lalikulu la ndalama zonse. Imeneyo ndi A: iwerengereni mosamala, iyendereni pafupipafupi. Ya C, monga mabawuti ndi mawashala, ipatseni lamulo losavuta la mabokosi awiri: loyamba likatha, odani, mukugwiritsa lachiwiri.

Koma ABC ili ndi msampha wake. Imayeza ndalama, siyeza kufunikira. Kalabala ka madola 2 kamene kakang'ambika makina onse amaima, ndipo kamachokera kutali, kadzagwera mu C pomwe kayenera kusamalidwa kuposa za mu A. Mndandanda ukatuluka mu kompyuta, upititseni kwa amakaniko aufufuze.

Ndilosere bwanji zomwe zidzafunike mwezi wamawa?

Njira yomwe yakhalitsa m'mafakitale ndi exponential smoothing, yomwe Robert G. Brown ndi Charles Holt anaikonza m'zaka za m'ma 1950. Mumatenga zomwe munalosera, n'kuzikonza ndi kagawo ka zomwe munaphonya. Munalosera 400, zapita 460, mwaphonya ndi 60. Mukasankha kagawo ka 0.2, mwezi wamawa mulosera 412. Kagawo kakakula, ulosi umathamangira kusintha kulikonse, ngakhale kongochitika mwangozi. Kakachepa, umachedwa kuzindikira kuti msika wasinthadi. Mu 1960 Peter Winters anawonjezera njira yowerengera malonda okwera ndi kutsika ndi nyengo. Pa zipangizo zosinthira makina zomwe zimafunika mwa apo ndi apo, miyezi itatu osatuluka kenako zisanu nthawi imodzi, njirayi imasokonekera, J. D. Croston mu 1972 anapereka ina yomwe imalosera padera kukula kwa oda ndi kutalikirana kwa maoda.

Chilichonse mungasankhe, sungani mbiri ya mmene mwakhala mukuphonyera. Kuphonyako ndiko kumakuuzani kukula kwa sitoko yodzitetezera.

Nanga katundu wa nyengo imodzi, amene akatsala sagulikanso?

Apa EOQ sigwira, chifukwa mwayi woodera ndi umodzi wokha. Funsoli ndi lakale: Francis Edgeworth analifufuza mu 1888 poona ndalama zomwe banki iyenera kusunga m'manja, ndipo Kenneth Arrow, Theodore Harris ndi Jacob Marschak analikonza bwino mu 1951. Lamulo lake ndi ili: tengani phindu lomwe mumataya chinthu chikasowa, muligawe ndi phindu lomwelo kuphatikiza zomwe mumaluza chinthu chikatsala.

Kampani yosindikiza makalendala imapanga imodzi pa madola 6 n'kugulitsa pa 10. Ikasowa, yataya 4. Ikatsala, yaluza 6. Kugawa 4 ndi 10 kukutipatsa 0.4, kutanthauza kuti isindikize chiwerengero chomwe mwayi woti chikwanire onse ofuna ndi 40 peresenti yokha. Ngati avereji ya malonda ndi 1,000 ndipo kusinthasintha kwake ndi 200, ndiye kuti pafupifupi 950, kuchepera avereji. Koma pakapezeka wogula zotsala pa madola 4, kuluza kumatsika kufika pa 2, kugawa 4 ndi 6 kumapereka 0.67, ndipo yankho limakwera kufika pafupifupi 1,086. Msika sunasinthe, chasintha ndi mtengo wa kulakwitsa.

MRP imasiyana bwanji ndi zonsezi?

MRP (Material Requirements Planning) ndi njira yowerengera zipangizo zofunika popanga katundu. Imagwira pa zinthu zomwe kufunika kwake kumachokera ku chinthu china. Ngati mwakonza zopanga njinga 500 mwezi wamawa, mawilo 1,000 safuna kulosera, amangofuna kuwerengera. MRP imatenga ndondomeko ya zopanga, mndandanda wa zipangizo zolowa mu chinthu chilichonse, ndi zomwe zilipo kale, n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo tsiku loyenera kuoda chilichonse. Joseph Orlicky wa ku IBM ndi amene amadziwika kwambiri poikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, ndipo mapulogalamu a masiku ano oyendetsera ntchito zonse za kampani, otchedwa ERP, anakulira pamenepo.

Ena amati Just-in-Time ya Toyota inathetsa EOQ. N'zoona?

Sizinathetsane. Just-in-Time ndi njira yopanga kapena kuoda zinthu pa nthawi imene zikufunika, osasunga zambiri. Taiichi Ohno ndi anzake ku Toyota anakana kutenga S ngati nambala yosasinthika. Anagwira ntchito yochepetsa nthawi yosinthira makina, kuchoka pa maola kufika pa mphindi, ntchito yomwe dzina la Shigeo Shingo limatchulidwanso. Bwererani ku fomula: S ikatsika kanayi, Q imatsika ndi theka. S ikayandikira ziro, kupanga pang'onopang'ono kumakhala kotchipa. Amene amangodula sitoko osayamba wachepetsa nthawi yosinthira makina kapena kukonza ubale ndi ogulitsa, watengera maonekedwe n'kusiya ntchito yake.

Njirayi ili ndi ngozi yake. Mu Febuluwale 1997 moto unawononga fakitale ya Aisin yomwe inkapangira Toyota kachipangizo ka mabuleki, ndipo Toyota inaimitsa kupanga magalimoto kwa masiku angapo mpaka makampani ena ambiri atathandizana kupanga kachipangizoko. Chivomezi cha ku Japan cha 2011, sitima ya Ever Given yomwe inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu Malichi 2021, ndi kusowa kwa ma chip a makompyuta chaka chomwecho, zonsezi zinaonetsa kuti standard deviation ya masiku wamba siiona ngozi zikuluzikulu. Zoterezi zimafuna wogulitsa wachiwiri kapena sitoko yapadera ya zinthu zochepa zofunikitsitsa.

N'chifukwa chiyani maoda obwera ku fakitale amadumphadumpha pomwe ogula enieni sasintha kwambiri?

Akatswiri amakuyerekeza ndi chikwapu: dzanja limangosuntha pang'ono koma kunsonga kumaomba mwamphamvu. Jay Forrester wa ku yunivesite ya MIT ku America anazifotokoza mu 1961, ndipo a Procter & Gamble anaziona pa matewera a Pampers: makanda amagwiritsa ntchito mofanana mwezi ndi mwezi, koma maoda ofika ku fakitale ankakwera ndi kutsika modabwitsa. Mu 1997 Hau Lee, V. Padmanabhan ndi Seungjin Whang anatchula zifukwa zinayi. Aliyense pa mzere wochokera ku mashopu mpaka ku fakitale amalosera kuchokera pa maoda a amene amagula kwa iye, osati pa malonda enieni. Maoda amaunjikidwa kuti adzaze galimoto. Mitengo ikatsitsidwa kwa kanthawi, anthu amagula za miyezi itatu kenako n'kukhala chete. Ndipo katundu akayamba kusowa, aliyense amaoda mowirikiza poganiza kuti apatsidwa theka, kenako n'kudzafafaniza maoda zinthu zikabwerera. Mankhwala ake ndi kugawana manambala a malonda enieni kuchokera ku mashopu mpaka ku fakitale, kusasinthasintha mitengo, ndi kugawa katundu wosowa potengera zomwe munthu ankagula kale osati zomwe waoda lero.

Kodi kuphatikiza nyumba zosungiramo katundu kumachepetsa sitoko?

Kumachepetsa yodzitetezera. Nyumba zinayi zofanana kukula, zomwe malonda ake sayendera limodzi, zikaphatikizidwa kukhala imodzi sitoko yodzitetezera imatsika ndi theka, chifukwa √4 ndi 2. Ndalama zamayendedwe ndi nthawi yofikira kwa kasitomala zimakwera, choncho ziwerengereninso.

Makina ndi maola n'zochepa. Ndisankhe bwanji zoti ndipange?

Imeneyi ndi ntchito ya linear programming, masamu opezera njira yopindulitsa kwambiri yogawira zinthu zochepa. Leonid Kantorovich anaiyamba mu 1939 ku Leningrad pothandiza makampani opanga plywood kugawa ntchito pa makina awo, George Dantzig anatulukira njira yowerengera masamuwa yotchedwa simplex mu 1947, ndipo mu 1975 Kantorovich ndi Tjalling Koopmans analandira mphoto ya Nobel ya zachuma.

Tione fakitale yopanga zitseko ndi mafelemu a mawindo a chitsulo. Pa mlungu ili ndi maola 120 owotcherera ndi maola 100 openta. Chitseko chimafuna maola 3 owotcherera ndi ola 1 lopenta, phindu lake madola 60. Felemu imafuna ola 1 lowotcherera ndi maola 2 openta, phindu lake madola 30. Ambiri anganene kuti tipange zitseko zokhazokha popeza phindu lake ndi lalikulu. Zitseko 40 zimaliza maola onse owotcherera n'kubweretsa madola 2,400, openta atangokhala maola 60. Koma zitseko 28 ndi mafelemu 36 zimagwiritsa maola onse mbali ziwirizo n'kubweretsa madola 2,760.

Chokoma kwambiri ndi china chomwe masamuwa amatulutsa pambali: mtengo wa ola limodzi lowonjezera. Pa chitsanzochi, ola lina lowotcherera lingawonjezere phindu ndi madola 18, pomwe lopenta lingawonjezere 6. Ngati ovataimu ndi madola 12 pa ola, ipatseni owotcherera, osati openta. Mitengo imeneyi imagwira mpaka pa malire ena, maola akasintha kwambiri muwerengerenso. Vuto la kukula kotere chida cha mu Excel chotchedwa Solver chimalimaliza nthawi yomweyo.

Nanga chiganizo chachikulu, ngati kugula makina atsopano, pomwe sindikudziwa mmene msika udzayendere?

Lembani njira zomwe muli nazo, zomwe zingachitike pa njira iliyonse, mwayi wa chilichonse ndi ndalama zake. Chojambula chake chimatchedwa decision tree. Tinene kuti makina aakulu abweretsa madola 200,000 msika ukayenda bwino, koma muluza 120,000 ukavuta. Aang'ono abweretsa 90,000 ukayenda bwino ndi 30,000 ukavuta. Mukaika mwayi wa msika wabwino pa 60 peresenti, aakulu apereka avereji ya 72,000, aang'ono 66,000.

Musathamangire kusaina. Funsani kuti mwayiwo utatsika kufika pati kuti yankho litembenuke. Apa ndi pafupifupi 58 peresenti. Ndani angalumbire kuti ndi 60 osati 57? Komanso avereji ndi ya munthu amene adzapanga chiganizo chomwecho kambirimbiri. Kampani yomwe kuluza 120,000 kamodzi kungaigwetse ili ndi chifukwa chomveka chosankhira makina aang'ono, potsatira lamulo la Abraham Wald loyang'ana choipitsitsa cha njira iliyonse n'kusankha yomwe choipitsitsa chake n'chopiririka. Phindu lenileni la kuwerengeraku n'lakuti mkangano wa mu bodi umachoka pa "ine ndikuona kuti" n'kufika pa nambala imodzi yomwe aliyense angaitsutse kapena kukaifufuza.

Kompyuta ikuti mamota alipo 300 koma pa shelefu pali 180. Ndiyambire pati?

Yambirani pomwepo, musanakhudze fomula ina iliyonse. Kompyuta idikira kuti nambala yake ifike pa 410 kapena pena paliponse munaika, ndipo ngati nambalayo ndi yabodza, oda ituluka mochedwa ngakhale masamu onse ali olondola. Kusiyana kotere kumabwera ndi zinthu zazing'ono: wina watenga usiku osalemba, bokosi la 50 lalembedwa ngati chinthu chimodzi, zobwezedwa zaikidwa pa shelefu ina, zowonongeka zatayidwa koma m'buku zikadalimo.

Kuwerenga sitoko kamodzi pa chaka kumakonza nambala koma sikupeza chifukwa, poti cholakwa cha miyezi isanu ndi itatu yapitayo palibe angachikumbuke. Njira yabwino ndi kuwerenga pang'ono tsiku lililonse: za gulu A mwezi ndi mwezi, za B miyezi itatu iliyonse, za C kamodzi kapena kawiri pa chaka. Wowerenga asauzidwe nambala ya mu kompyuta asanawerenge, chifukwa akaidziwa maso ake adzaipeza. Nthawi yabwino yowerengera chinthu ndi pamene chatsala pang'ono kutha, katundu watsopano asanatsitsidwe, popeza zowerenga n'zochepa. Ndipo pakapezeka kusiyana, fufuzani mapepala a masabata apitawo tsiku lomwelo, nambala isanasinthidwe mu kompyuta.